Mabatire Anayi m'Nsungwi

Chidole choyamba choyendera magetsi chimene ndinachigwira m'manja chinafika kukomboni kwathu chili m'thumba la epuloni ya amayi. Amayi ankachapa ndi kusita kunyumba kwa mwini famu, pafamu ina ya fodya ya pakati pa Banket ndi Raffingora, m'chigawo cha Mashonaland West. Tsiku limenelo anatumidwa kukataya zinyalala za m'chipinda cha mwana wa bwana, amene anali atapita kusukulu yogonera komweko. M'katoni ya magazini akale ndi nsapato zotha anapezamo kabokosi kotuwa, kakulu ngati mtanda wa sopo woduka pakati, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani. Anayamba afunsa kwa adona, chifukwa pafamu chinthu chotola osapempha chinkatchedwa chakuba, ndipo chinkachotsetsa munthu ntchito. Adona anati n'chakufa, angotenga.

Ndinali ndi zaka khumi. Pansi pa kagalasi panalembedwa kuti Nintendo Game Boy, ndipo kumbuyo kunali kaseti imodzi yokha, ya Tetris. Ndinasuntha kabatani ka pamwamba kangapo konse, koma ziii.

Ndiyambe ndanena kuti ife tinali ndani. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kulowa dziko lino cha ku Mutoko. Ankati akudzangogwira zaka ziwiri kuti apeze ya msonkho ndi njinga. Sanabwerere. Kwawo anthu otere amawatcha matchona. Kuno ankatitcha Manyasarandi, ena n'kumati mabwidi, anthu opanda mudzi. Pakomboni pathu panali Achewa, Ayao, Asena a ku Mozambique, Ansenga a ku Zambia ndi Mashona omwe, koma chinenero cha pachitsime ndi pamaliro chinali Chichewa, chosakanikirana ndi Chishona ndi tina ta Chilapalapa totola kwa bwana. Loweruka lina lililonse la mapeto a mwezi gule ankatuluka pabwalo la mpira. Lamlungu ena ankapita ku CCAP, ena anali atapita kale kumzikiti Lachisanu. Kusukulu ya pafamu tinkaphunzira Chishona ndi Chingerezi basi. Kulemba Chichewa ndinadziphunzitsa ndekha poyang'ana m'Buku Lopatulika la amayi.

Munthu amene anakadzutsa kabokosi kaja ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Ankagwira kugalaja ya pafamu, kupatsira masipanala makaniko wa mathirakitala. Sukulu analekezera Giredi 4, koma wailesi iliyonse yakufa pakomboni inkathera m'manja mwawo. Atakatembenuza anapeza kuti masikuluwu ake ndi achilendo, a nthambi zitatu, oti sikuludiraiva wamba sangalowe. Anaseka.

"Mphwanga, amene anapanga ichi sankafuna kuti ife tione m'kati."

Anatenga sipoko ya njinga n'kuisula ndi tupa madzulo awiri mpaka nsonga yake inagwira. M'malo oika mabatire munali mutachita zoyerayera ngati mchere, chifukwa mabatire akale anawolera momwemo. Anapala ndi kampeni, n'kutsuka ndi madzi a ndimu. Batani lina linkakana, iwo n'kumata kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kunsi kwa rabala yake. Kenaka panabwera vuto lalikulu. Kabokosiko kankafuna mabatire anayi ang'onoang'ono, ndipo m'sitolo ya pafamu mtengo wake unali woti amayi sakanalola kuulembetsa m'buku la ngongole chifukwa cha chidole. Amalume anawerenga pambali pa batire n'kuona kuti laling'ono ndi lalikulu la tochi mphamvu yake ndi imodzi, mavoti 1.5. Anayi ndiye kuti 6. Anadula nsungwi, n'kuboola mfundo zake, n'kuikamo mabatire anayi akuluakulu motsatizana. Kumapeto anatseka ndi zitsekerero za botolo ndi mphira wa chubu, n'kutulutsa mawaya awiri amene anawawotcherera ndi mtovu m'kati mwa kabokosi.

Atasuntha kabatani, dzina lija linatsika pang'onopang'ono pakagalasi, ndipo kanalira kuti ting! Ana amene tinali pamenepo tinakuwa mpaka agalu anauwa.

Koma pachithunzi panali mizere yoyera yotsika, ngati wina wakanda ndi foloko. Amalume anaona kuti akadina ndi chala kunsi kwa galasi, mizere ina inkabwerera. Mawa lake anatenga kabokosiko kugalaja, n'kuyendetsa chitsulo chowotcherera chofunda pang'ono pamwamba pa kalamba kopyapyala kolumikiza galasilo, uku akuyang'ana. Mizere inatsekeka umodzi umodzi. Unatsala umodzi wokha kumanja, ndipo tinauzolowera monga mmene umazolowerera dzino loguluka la mnzako.

Gemu yake inali yosavuta kumva. Tizidutswa ta mitundu isanu ndi iwiri tinkagwa kuchokera pamwamba, iwe n'kumatitembenuza kuti tidzaze mzere, ndipo mzere ukadzaza unkazimiririka. Mayina ake enieni sitinkawadziwa, choncho tinatcha athu. Kotalika kanali mzimbe, ka mbali zinayi kanali belo, kopindika kumapeto kanali khasu, kokhotakhota kanali njoka, ka nthambi kanali mphanda. Munthu akamasewera, anzake khumi ankamupumira m'khosi akufuula kuti, "Dikira mzimbe! Dikira mzimbe, iwe!" Malamulo tinakhazikitsanso tokha. Wobwera ndi batire, ngakhale lofooka lochotsa m'wailesi ya bambo ake, ankasewera kawiri. Mzere wa odikira ukatalika tinkasewera awiriawiri: wina agwire mtanda woyendetsera, wina batani lotembenuzira, ndipo wachitatu anyamule nsungwi kuti mawaya asaduke. Udindo wonyamula nsungwi unali wa ana aang'ono, ndipo ankaunyadira ngati anyamula chikho cha mpira.

Galasi la Game Boy silinkawala lokha. Dzuwa likalowa, gemu yatha. Koma m'nyengo yowotcha fodya, kuyambira cha m'Disembala, tinali ndi kothawira. Bambo anga ankasonkhezera moto m'mabalani. Fodya wa mtundu wa Virginia amapsa pafupifupi sabata yathunthu, moto osazima usiku ndi usana, kutentha kukukwezedwa pang'onopang'ono kuti tsamba liyambe lachita chikasu, kenaka liume, pomalizira uume mtsitsi wake wa pakati. Wosonkhezera akagona, balani lonse lawonongeka. Ndinkawapititsira nsima usiku, n'kukhala pakhomo pa ng'anjo, kagalasi nditakapendeketsa kuti kalandire kuwala kwa moto. Usiku wina bambo anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, fosholo ili m'manja, akuonerera.

"Ndiye ukadzaza mzere amakupatsa chiyani?"

"Amauchotsa, n'kubweretsa zina mofulumirirapo."

"Nanga imatha liti?"

"Siitha, ababa. Imatha ukalephera."

Anagwedeza mutu n'kubwerera kung'anjo. "Ndiye kuti ndi mgwazo," anatero.

Amene sanali kupeza mpata anayamba kupanga zawo. Mnzanga wina anaumba Game Boy yadongo, mabatani ake a nthanga za nsatsi. Ine ndinadula katoni ya sopo, n'kuboola zenera, n'kupisa timitengo tiwiri pamwamba ndi pansi. Pa timitengoto ndinakulunga pepala lalitali lolumikiza ndi phala, lojambulapo msewu, maenje, ng'ombe ndi foromani. Wina ankapota kamtengo kuti msewu uyende, wosewera n'kumazembetsa kathirakitala komangirira kuwaya. Ukagunda foromani, tikiti yako yafufutidwa. Imeneyo ndiyo gemu yoyamba imene ndinapanga, ndipo inalibe batire ndi limodzi lomwe.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, atadwala chifuwa kwa nthawi yaitali. Tinawaika kumanda a antchito, kuseri kwa munda wa bulugamu, pafupi ndi agogo. Chaka chotsatira, cha 2000, mafamu anayamba kulandidwa. Nkhani ya malo sindingaipeputse. Anzathu a Chishona ankadziwa bwino mapiri ndi mitsinje imene makolo awo anachotsedwako, makamaka lamulo logawa malo la 1930 litapereka nthaka yabwino kwa azungu. Koma m'mafamu akuluakulu munkagwira ntchito anthu oposa 300,000, osawerengera ana awo, ndipo ambiri a ife tinalibe mudzi woti tibwerereko. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti munthu akane kaye unzika wa dziko la makolo ake, dziko limene ambiri sitinaliponde. Chitupa changa chinalembedwa kuti ALIEN, chonsecho mchombo wanga uli pansi pa mtengo wa mango wa pakomboni.

Famu yathu inagawidwa mu 2002. Amalume anatsala, akuti sangasiye manda. Amayi, azichemwali anga ndi ine tinakwera lole yopita ku Harare, kwa achibale a ku Epworth. Ndalama ya katundu inaperewera. Dalaivala anaona nsungwi ija ikutuluka m'chikwama changa, n'kufunsa kuti n'chiyani. Nditamuonetsa, anati ali ndi mwana wamwamuna. Amayi sananene kanthu, anangondiyang'ana. Ndinapereka. Umo ndi mmene mapoto athu, matiresi ndi makina osokera zinafikira mumzinda.

Lero ndimakonza mafoni m'kashopu kogawana ndi anzanga atatu m'tauni ya Harare. Manja ndi a amalume, ine ndinangobwereka. Zaka zingapo zapitazo, pofufuza pa intaneti njira yokonzera galasi la foni ina, ndinaona kanema wa munthu wa kutsidya kwa nyanja akukonza Game Boy ya mizere yoyera. Ankayendetsa chitsulo chowotcherera pakalamba kaja, chimodzimodzi mmene anachitira amalume m'galaja ya mathirakitala, popanda wowaonetsa. Usiku umenewo sindinagone msanga.

Ndinapeza kuti kunja kuno kuli mtundu wathunthu wa anthu otere. Nintendo inatulutsa Game Boy ku Japan mu 1989, n'kusiya kuipanga mu 2003, itagulitsa yoposa 118 miliyoni pamodzi ndi Game Boy Color. Koma eni ake atautaya, mpirawo anautola ndi ena. Alipo amene amachotsa galasi lakale n'kuika lowala lokha. Ena amaika batire lotchaja ngati la foni, zomwe ndi nsungwi ya amalume yovala suti. Ena amatsegula magemu akale n'kusintha mawu ake: gemu ya Mother 3, imene inatuluka m'Chijapanizi chokha mu 2006, okonda magemu anaimasulira okha m'Chingerezi mu 2008, popanda wowalipira. Ena amaimba nyimbo ndi kabokosi komweko pogwiritsa ntchito pulogalamu ya LSDJ, yolembedwa ndi Johan Kotlinski wa ku Sweden. Ndipo ena amapanga magemu atsopano, a makina amene fakitale inawaiwala. Ndinawerenganso za Gunpei Yokoi, amene anatsogolera gulu lopanga Game Boy. Iye ankakhulupirira kuti ndi bwino kutenga zipangizo zakale, zotchipa ndi zodziwika bwino, n'kuzipezera ntchito yatsopano. Akanakumana ndi amalume, sindikukayika kuti akanamvana ngakhale popanda womasulira.

Mu 2019 Chris Maltby anatulutsa pulogalamu yaulere ya GB Studio, yoti munthu wosadziwa zambiri za makompyuta n'kupangira gemu ya Game Boy. Ndinaiika palaputopu yakale imene kasitomala sanabwere kudzatenga. Game Boy ina ndinaipeza pamulu wa zakale ku Mbare, ndipo kaseti yolola kuikamo gemu yako anandibweretsera mnzanga wochokera ku Johannesburg.

Chimene chinandikankha ndi mwana wanga wamkazi. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anabadwira ku Harare, mayi ake ndi Mshona. Malamulo a dziko a 2013 anatibwezera unzika ife obadwira kuno, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Koma papepala si pakamwa. Mwanayo Chichewa amachimva patalipatali. Agogo ake akamulankhula, amayankha m'Chishona. Tsiku lina kusukulu anauzidwa kujambula mudzi wa kwawo, ndipo anandifunsa kuti, "Ababa, kwathu ndi kuti?" Ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ku Dedza sindinafikeko. Komboni ija theka lake linagwa.

Choncho ndinayamba kumanga komboni m'kabokosi. Galasi la Game Boy lili ndi timadontho 160 m'lifupi ndi 144 m'litali, mitundu inayi yokha ya kubiriwira kotuwa. Chithunzi chilichonse chimamangidwa ndi timatailosi ta madontho asanu ndi atatu mbali iliyonse, ndipo pulogalamu ija imalola timatailosi tosiyana 192 pamalo amodzi. Ukapyola, chithunzi chimasokonekera. Ndiye ndinajambula nyumba imodzi n'kuibwereza kakhumi ndi kawiri. Ndinaika chitsime, sitolo, shedi yosankhira fodya, mabalani, ndi chitsulo cha pulawo chimene ankachimenya m'bandakucha kudzutsa anthu. Wosewera ndi kamwana kotumidwa kupititsa nsima kubalani usiku, ndipo panjira kayenera kulankhula ndi anthu kuti kadziwe kolowera.

Apa Chichewa chinalimbana ndi makina. M'lifupi mwa galasi mumakwana zilembo 20, ndipo bokosi la mawu likadya ziwiri za m'mbali zimatsala 18. Foromani wanga ndinkafuna anene kuti "sindidzakulemberanso tikiti." Liwu loyambalo lili ndi zilembo 20. Makinawa anapangidwira zinenero zina, osati chathu chimene chimanyamula munthu, nthawi, wochitiridwa ndi kubwereza m'liwu limodzi. Ndinayesa kulidula pakati, koma linkaoneka ngati nkhuku yothyoka khosi. Pomalizira ndinakhala masabata awiri, magetsi akabwera pakati pa usiku, ndikujambula zilembo zanga zowonda, dontho ndi dontho, mpaka liwulo linalowa lathunthu.

Nditamaliza gawo loyamba ndinakwera basi ya ku Chinhoyi, n'kutsikira pa Banket, n'kupeza kagalimoto kolowera kufamu. Amalume tsopano ndi nkhalamba. Amakhala m'nyumba yomwe ija, amagwira maganyu kwa alimi atsopano ndi kukonza mapampu ndi timasola. Mabalani ena akugwirabe ntchito, ena anasanduka mulu wa njerwa. Ndinawapatsa kabokosiko tili pakhonde. Anakatembenuza kaye kumbuyo kuti aone masikuluwu, n'kumwetulira. Kenaka anayendetsa kamwana kaja pang'onopang'ono, maso ali pafupi ndi galasi.

"Chitsime sichinali apa. Chinali kumunsi kwa nyumba ya foromani, n'chifukwa chake akazi ankatunga mwakachetechete."

"Ndikonza, amalume."

"Nyumbazi bwanji zafanana chonchi?"

Ndinawafotokozera za timatailosi 192. Sanakhutire.

"Bwana ndiye anazimanga zofanana. Koma ife sitinazisiye choncho. Amako anazira khoma ndi dothi lofiira. Kwa Asena aja kunali khola la nkhunda. Iwe wajambula mmene ankationera iye akamadutsa pagalimoto."

Ndinakhala chete. Anapitiriza kuyenda mpaka kumapeto kwa mapu, kumene ndinaika mitengo yothithikana yoti munthu sangadutse.

"Uku n'kudambwe?"

"Eya. Ndinaganiza zoikako kanjira."

"Usayerekeze. Za kumeneko sizilowa m'kabokosi. Mitengoyi ikhale choncho, wofuna kudziwa adzabwere ndi nkhuku yake." Anabwerera, n'kuzungulira kuseri kwa mabalani, n'kuima. "Bulugamu ndikumuona. Nanga manda ali kuti?"

Yankho ndinalibe. Malo analipo, timatailosi tinalipo. Ndinali nditajambula chimbudzi, khola la mbuzi, ngakhale galu wa foromani, koma nthawi iliyonse ndikafika kuseri kwa bulugamu ndinkatseka laputopu. Ndinamanga komboni imene bambo anga akadali kubalani, akudikira nsima, ndipo sindinkafuna kuti m'dziko limenelo mukhale malo owaikako.

"Mphwanga," anatero amalume, "mwana wako akafunsa kuti kwathu n'kuti, sukamuonetsa sitolo. Kwanu ndi kumene kuli anthu ako m'nthaka. Ine ndinatsalira chiyani kuno?"

Madzulo amenewo tinapita limodzi ndi makasu awiri. Mlimi amene anapatsidwa mbali imeneyo amalima mozungulira, sanakhudzepo, ndipo chaka chilichonse amalola amalume kudzalambula. Tinapalira pa bambo ndi pa agogo. Ndinawerenga mitumbira imene ikuonekabe, n'kujambula papepala mmene yakhalira, amalume akutchula mwini wake wa uliwonse ndi dziko limene anachokera.

Nditabwerera ku Harare ndinafufuta galu ndi khola la mbuzi kuti ndipeze timatailosi. Khoma la amayi ndinalidetsa kusiyana ndi ena, nkhunda ndinaziika, chitsime ndinachitsitsa. Kuseri kwa bulugamu tsopano kuli mitumbira, ndipo kamwana kakaima pa uliwonse pamatuluka mawu onena kumene munthuyo anachokera: Dedza, Mangochi, Angonia, Petauke. Nsima imapitabe kubalani, ndipo bambo amailandira. Zonse ziwiri zili m'kaseti imodzi, ndipo ndasiya kuona ngati zikutsutsana.

Gemuyi siidzagulitsidwa, ndipo oisewera mwina sadzapitirira khumi. Mwana wanga anaiyamba Lamlungu lina masana. Sanapite patali, anakodwa pachitsime, pamene mayi wina amauza kamwanako kuti kadzere njira ya kumadzulo chifukwa ya kum'mawa kuli minga. Anabwera kwa ine kuti ndimumasulire. Ndinati ndatanganidwa ndi foni ya kasitomala. Anaima pang'ono, n'kutuluka panja pamene amayi ankasankha nyemba. Ndinamumva akuwerenga mogumukira, chilembo ndi chilembo, kenaka anafunsa, m'Chichewa chopindika koma chake:

"Agogo, kumadzulo ndi kuti?"

Amayi anaika lichero pansi, n'kumukokera pafupi kuti aone pagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali asanayankhe.

"Iii, koma nyumba iyi ndi yanga," anatero. "Khala pansi, ndikuuze amene ankakhala khomo linalo."